Kamwinjiro ka Samueli

Mawu owerenga: 1 Samueli 2:18-21, Eksodo 22:26-27, Yakobo 2:14-17

 

Ife a m'mbali mwa nyanja timadziwika ndi kutentha, ndipo anzathu a ku Mzuzu amatiseka tikamadandaula za kuzizira. Koma amene anagonapo kuno mwezi wa June kapena July akudziwa zimene mwera umachita. Mphepoyi ikayamba, asodzi amakokera mabwato kumtunda, usipa umasowa pamsika, ndipo usiku imalowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya chitseko. Munthu wamkulu amadzuka n'kusonkha moto. Mwana amangodzipinda pamphasa, mawondo kufika pachibwano, kudikira kuti kuche. Lero ndikufuna tilingalire za mwana ameneyu, makamaka amene akugona m'nyumba imene sanabadwiremo.

Nkhani ya Hana tonse timaidziwa. Analira kwa Mulungu ku Silo chifukwa analibe mwana, ndipo analonjeza kuti akapatsidwa mwana wamwamuna adzamupereka kwa Ambuye. Samueli atasiya kuyamwa, mayi ake anamutenga n'kukamusiya m'manja mwa wansembe Eli. Kuyambira tsiku limenelo Samueli anali mwana woleredwa ndi ena. Ndipo nyumba imene anakuliramo sinali yamtendere, pakuti ana a Eli, Hofeni ndi Pinehasi, anali anthu osaopa Mulungu.

Pa vesi 19 pali kanthu kakang'ono kamene nthawi zambiri timangokadumpha. Chaka chilichonse Hana ankamukonzera mwana wake kamwinjiro, n'kumutengera popita kukapereka nsembe pamodzi ndi mwamuna wake. Inu amene munasokapo chovala cha mwana, taganizirani. Hana analibe mwanayo pafupi kuti amuyeze. Ankayenera kumuyeza mumtima: chaka chino watalika bwanji, mapewa akula bwanji, manja afika pati. Ulusi uliwonse umene unkadutsa m'zala zake unali kuganizira mwana amene sankamuona. Ndipo Samueli akavala kamwinjiro kaja, ankadziwa kuti ngakhale akugona m'nyumba ya eni, kwina kwake kuli munthu amene amamuwerengera zaka.

Funso langa ndi ili: nanga mwana amene alibe Hana, adzamukonzera kamwinjiro ndani?

Ana otere si ochepa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 18 m'Malawi muno, 20 sankakhala ndi bambo kapena mayi wowabereka, ndipo 12 anali atataya kholo limodzi kapena onse awiri. Kuno kwathu zifukwa zake timazidziwa. Ena makolo anapita ndi matenda a Edzi, ena mayi anamwalira pobereka, ena bambo anatsala m'nyanja. Enanso makolo ali moyo ndithu, koma ali ku Joni kofuna ntchito, monga anthu a m'boma lino la Nkhata Bay akhala akuchitira kuyambira kale, ndipo ana anatsala ndi agogo. Ambiri mwa anawa sali kumalo osungirako ana amasiye. Ali m'nyumba za azakhali, za amalume, za agogo, ndi za anthu ena achifundo amene si abale awo n'komwe. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2010 limavomereza kuti mwana akhoza kuleredwa ndi banja lina, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma ndi imene imayang'anira zimenezi. Lamulo likhoza kumupezera mwana denga, koma silingadzuke pakati pa usiku kukaona ngati wafunda.

Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo ndinaona zimene kuzizira kumachita. Thupi la khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Likatsika, mwana amafooka, amaleka kuyamwa, shuga amatsika m'magazi, ndipo matenda amamupeza mosavuta. Khanda silitha kudzitenthetsa monga munthu wamkulu, ndipo kutentha kwambiri kumathawira kumutu. N'chifukwa chake kuchipatala timaphunzitsa njira ya kangaru, yoika mwana pachifuwa khungu ndi khungu, atavala chipewa, chofunda chili pamwamba pa onse awiri. Ndimakumbukira mayi wina amene anabwera m'mawa wina wa mwezi wa July atanyamula khanda la mchemwali wake amene anali atamwalira. Analikulunga m'chitenje chimodzi chokha, ndipo nditaligwira mapazi anali ngati mwala wa m'madzi. Tinalimanga pachifuwa pa mayi uja n'kuwafunditsa onse awiri. Mwanayo anachira. Tsiku limenelo mankhwala oyamba anali thupi la munthu ndi chofunda.

Koma sindikufuna kuima pamaso panu ngati munthu wopanda banga. Mchimwene wanga atamwalira, tinatenga mwana wake wamkazi wa zaka 8 kudzakhala nafe. Anafika ndi zovala zake zonse m'kajumbo kamodzi. Ndinkamudyetsa, ndinkamulipirira zofunika kusukulu, ndipo ndinkadziona ngati Mkhristu wabwino. Chaka china mwera utayandikira ndinagula mabulangete awiri atsopano a ana anga, ndipo iye ndinamupatsa lakale lija, lothothoka, limene anzakewo anasiya. Sindinaganize kanthu. Iye sananene kanthu. Patapita zaka, ali mayi wa ana ake, tikucheza pakhonde, anandiuza mofatsa kuti, "Azakhali, usiku umene uja ndi umene ndinadziwa kuti ndine mlendo." Amayi anzanga, ndinalira. Ine namwino, wodziwa kuyeza kutentha kwa thupi, ndinalephera kuona kuti mwana akuzizidwa mumtima m'nyumba yanga yomwe. Anandikhululukira, ndipo ndikhulupirira kuti Ambuye anandikhululukiranso, koma phunziro lake sindinaliiwale.

Mulungu wathu saona chofunda ngati chinthu chachabe. Pa Eksodo 22 analamula Aisraele kuti munthu akatenga chovala cha mnzake ngati chikole, achibweze dzuwa lisanalowe, chifukwa mmphawiyo alibe china chogonera. Ndipo anachenjeza kuti wozizidwayo akalira, Iye adzamva. Ngongole ikhoza kudikira mawa, koma kuzizira kwa usiku sikudikira. Yakobo naye akutifunsa phindu lake la kuuza wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere akafunde, ife osamupatsa kanthu. Kangati tapita kumaliro, taimba usiku wonse, talonjeza ana otsala kuti mpingo uli nawo, kenako tabwerera kwathu osadzapondakonso? Mawu otere ali ngati moto wojambula pachipupa. Suotheka.

Tikumbukirenso kuti Mulungu wakhala akudalira anthu olera ana a eni. Mose anakulira m'nyumba ya mwana wamkazi wa Farao. Estere, makolo ake atamwalira, analeredwa ndi Moredekai, ndipo anadzapulumutsa mtundu wake. Ambuye wathu Yesu Khristu analeredwa ndi Yosefe, amene sanamubereke, ndipo chinthu choyamba chimene Maria anamuchitira atabadwa chinali kumukulunga m'nsalu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ife Akhristu tionjezepo kuti ngakhale usadzadye naye, ngwako ndithu, pakuti ndi wa Khristu.

Tsono tichite chiyani? Pempho langa ku nthambi zonse za Mothers' Union m'dayosizi yathu ya Kumpoto ndi lakuti tiluke mabulangete. Ambiri a ife tinaphunzira kuluka tili atsikana. Taluka madoilo a pamipando, mashawelo a zidzukulu, nsalu za patebulo. Luso tili nalo, singano zambedza zija zili m'mabokosi. Sitikuyamba chinthu chachilendo. Mayi Mary Sumner atasonkhanitsa amayi ku Old Alresford m'dziko la England mu 1876, cholinga chinali kulimbikitsana pa kulera ana, ndipo mpaka lero chimodzi mwa zolinga zisanu za bungwe lathu ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Ku South Africa kuli ntchito yotchedwa Knit-a-Square, imene inayamba mu 2008, yolandira tizidutswa toluka kuchokera kumayiko ambiri n'kutilumikiza kukhala mabulangete a ana amasiye ndi ovutika. Njira yawo ndi yosavuta, ndipo ifenso tingaitsate.

Mayi aliyense aluke kachidutswa ka mbali zinayi zofanana, masentimita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi. Tizidutswa 35, tikatiyala 5 uku ndi 7 uku, timapanga bulangete la mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 140 m'litali, lokwanira mwana wamng'ono. Nthambi ya amayi 12, aliyense akaluka tizidutswa titatu pa sabata, bulangete latha sabata yomweyo, kachidutswa kamodzi n'kutsalako. Mutu umodzi susenza denga. Dulani katoni ya muyeso umenewu kuti aliyense aziyezerapo, chifukwa tizidutswa tosiyana kukula timavuta polumikiza. Wulu wa m'sitolo ndi wodula, n'zoona. Koma majuzi akale a m'nyumba ndi a pa kaunjika amamasuka. Masulani, kulungani ulusiwo, uchapeni, uyanikeni mutamangirira kamwala kumunsi kuti uwongoke. Amayi amene maso anayamba kuvuta akhoza kumasula ndi kukulunga. Atsikana athu tikhale nawo pamphasa aphunzire. Palibe wotsala.

Monga namwino ndionjeze malangizo awa. Lukani mothinana, pasakhale mabowo aakulu okola zala za khanda, ndipo musaikepo mabatani kapena mikanda, mwana angameze. Khanda likagona lokha, ligone chagada, chofunda chilekeze pachifuwa, chisaphimbe nkhope. Ulusi wambiri wa masiku ano ndi wa pulasitiki, ukayandikira moto umasungunuka n'kumatirira pakhungu, choncho uzani olera kuti mwana asaothe moto kapena kuyandikira koloboyi atadzifunditsa. Bulangete silitchinga udzudzu, mwana agonebe m'masikito. Ndipo dziwani kuti mwana amene wataya kholo kapena wasamutsidwa nthawi zambiri amayambanso kukodza pogona. Si mwano, ndi mantha. Asamenyedwe, ndipo asalandidwe chofunda. Bulangete limachapika.

Kaperekedwe kake n'kofunika kuposa kalukidwe. Choyamba, bulangetelo ndi la mwanayo. Lukanipo chilembo choyamba cha dzina lake pakona, ndipo nenani pamaso pa omulera kuti akadzasamuka adzapita nalo. Mwana amene wazungulira nyumba zitatu ndi kajumbo ayenera kukhala ndi chinthu chimodzi chimene palibe angamuuze kuti n'chobwereka. Chachiwiri, musaiwale ana ena a m'nyumbamo. Mukapatsa mmodzi bulangete lokongola pamene anzake akufunda chiguduli, mwadzala nsanje, ndipo wovutika adzakhala yemwe uja mumafuna kumuthandiza. Ngati nyumba ili ndi ana atatu osowa, dikirani mpaka mutaluka atatu. Chachitatu, tisaimike ana kutsogolo kwa tchalitchi kuti anthu awaone ndi kuwajambula. Umasiye si chionetsero. Pitani awiriawiri kunyumba, khalani pansi, chezani ndi agogowo, pempherani nawo. Musafunse kuti amapemphera kuti. Mwera susankha mpingo.

Ndipo mukafika, tsegulani maso. Bulangete ndi chifukwa chabwino cholowera pakhomo, koma mukalowa muone ngati mwana akudya, ngati akupita kusukulu, ngati ali ndi mphere kapena zipsera, ngati amene anali pa mankhwala a ma ARV akumwabe. Olera ambiri ndi anthu abwino amene angotopa, ndipo akufuna wowagwira dzanja. Koma mukaona zizindikiro za nkhanza, kapena mtsikana akukonzedwera banja asanakwane zaka 18, musakhale chete poopa kudana ndi anthu. Uzani abambo wansembe, a mfumu, a zachisamaliro cha anthu kapena apolisi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana.

Wina anena kuti, bulangete limodzi lithetsa chiyani pakati pa umphawi wonsewu? Silithetsa njala, sililipira fizi, silidzutsa mayi amene anagona. Kamwinjiro ka Hana nakonso sikanasinthe ana a Eli. Koma mwana amene ankavala kamwinjiro kaja ndi amene anamva Mulungu akumuitana usiku, ndipo anayankha. Mwana amene wadziwa kuti pali womukumbukira savutika kukhulupirira kuti kumwamba kuli womudziwa dzina.

Choncho tiyambe pa 25 March, tsiku limene timakumbukira mngelo akulonjera Maria, kuti pofika kumapeto kwa May, mwera usanalimbe, mabulangete oyamba akhale atafika m'manja mwa eni ake. Ndipo pa 9 August, pokumbukira Mayi Mary Sumner, nthambi iliyonse idzabwererenso kunyumba zomwezo kukaona anawo. Hana sanapite ku Silo kamodzi kokha. Ankapita chaka ndi chaka, ndipo chaka chilichonse kamwinjiro kankakula. Poluka, tchulani dzina la mwanayo kwa Ambuye. Ndipo musanaluke za kunja, yambani mwayang'ana m'nyumba mwanu usiku uno, muone amene wagona kumapeto kwa mphasa ndi chimene wafunda. Musadikire zaka kuti adzakuuzeni monga anandiuzira ine.

Tipemphere. Mulungu Atate wa ana amasiye, amene munapereka Mwana wanu m'manja mwa Maria ndi Yosefe, yang'anani ana onse ogona m'nyumba za eni usiku uno. Limbikitsani agogo, azakhali, amalume ndi onse owalera. Tikhululukireni pamene tasiyanitsa ana pansi pa denga limodzi. Dalitsani zala zathu ndi ulusi wathu, kuti chimene tiluke chifunditse thupi ndi mtima womwe. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ine mnzanu mu utumiki wa amayi,
Kande, Chintheche.