Kuona maso a nkhono n'kudekha: mwambi wa namwino wotopa

Mwana akatola nkhono kudimba nthawi ya dzinja, chimene amayamba kuchita ndi kuitosa ndi kamtengo. Nkhono imabwerera m'chigoba, pakhomo n'kutsala thovu lokhalokha. Koma akaiika pansi, iye n'kukhala phee, pakapita kanthawi mutu umasuzumira, tinyanga tiwiri titalititali timatambasuka, ndipo kunsonga kwake kumaoneka timadontho takuda. Amenewo ndiwo maso. Makolo ataona zimenezi anati kuona maso a nkhono n'kudekha, kutanthauza kuti zinthu zina sizionekera munthu waphuma. Mwambiwu amaunena pabwalo la milandu anthu akafuna kugamula asanamve mbali zonse, komanso kwa mnyamata wofuna kutumiza ankhoswe kwa mtsikana amene wangomuona dzulo. Ukuyeneranso namwino amene ntchito yamutopetsa mpaka m'mafupa.

Taganizirani za sisita amene ali pa naiti m'wodi ya ana nthawi ya malungo. Bedi limodzi ana awiri, magadiyani ayala zitenje pansi pakati pa mabedi. Cha m'ma 3 koloko usiku akufunafuna mtsempha padzanja la mwana amene watha madzi m'thupi, foni ataiika kukamwa kuti tochi iwunikire, chifukwa magetsi athima. Mnzake woti agwire naye sanabwere, ndipo kukacha, m'malo mogona, ali ndi lokamu popeza fizi ya ana ikudikira. Zaka zikapita chotere, tsiku lina gadiyani amabwera kudzanena kuti diripi yatha, sisita n'kumukalipira, pambuyo pake n'kudabwa yekha kuti mawu amenewo achokera kuti.

Mu 2019 bungwe la WHO linafotokoza vuto la kutopa kotereku mu ICD-11, mndandanda wake wa matenda, monga chinthu chobwera ndi ntchito, n'kutchula zizindikiro zake: kutheratu mphamvu, kuuma mtima ndi kuipidwa ndi ntchito, ndiponso kumva kuti zomwe ukuchita siziphula kanthu. Anamwino a kuno anazidziwira pathupi. Covid-19 isanatheretu, kolera inabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anadzaza zipatala za kum'mwera ndi ovulala, owalandira ali anthu omwewo osapuma.

Munthu wotopa chonchi amafuna yankho lero lomwe. Akuweruka m'mawa, maso ali psuu, amati basi, ndikusiya, ndikagulitsa kaunjika. Kapena amatsegula gulu la WhatsApp lomwe anzake akukambirana za mayeso a OET ndi OSCE, ofunika kwa wofuna kukagwira ntchito ku Britain, n'kuganiza kuti mtendere uli ku Manchester. Kudzifunsa za tsogolo la moyo wako utagona maola awiri okha kuli ngati kutosa nkhono kuja. Chotuluka ndi thovu.

Kudekha kwake kuyambe ndi tulo, ndi tchuthi cha pachaka chimene ambiri amangochiunjika osachitenga. Kenaka apeze kakope. Poweruka azilembamo chimene chamuwawa tsikulo, ndi nthawi imene anaiwala kuyang'ana wotchi chifukwa ntchito inali kumukomera. Pakatha mwezi kapena iwiri zolembazo zimayamba kubwerezabwereza, ndipo mawu aja oti "ndatopa ndi unamwino" amagawika.

Wina amapeza kuti chomupweteka ndi naiti basi, odwala akadawakonda. Ameneyo angopempha matroni amusamutsire ku kiliniki ya ma ARV kapena kusikelo, komwe amaweruka dzuwa likadalipo. Wina amaona kuti masiku onse amene anapita kunyumba akumwetulira ndi omwe anali ndi ophunzira m'wodi, akuwaonetsa kaikidwe ka kanyula. Mtima wake uli pa uphunzitsi, m'makoleji a CHAM kapena ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ngati mapepala ake ndi ochepa ayambe kulingalira za digiri, monga ku KUHeS, yunivesite imene inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Palinso amene mzere wautali umamuzunguza mutu, koma amakhala ola lathunthu pambali pa wodwala khansa osamva kulemera. Oterewa ndi ofunika pa chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, monga chimene amapereka ku Ndi Moyo ku Salima. Wokonda mafomu olongosoka aganizire za unamwino wa kafukufuku, womwe umapezeka m'mabungwe ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre.

Ndiye alipo amene, atadekha bwinobwino, amapeza kuti chikondi cha ntchitoyi sichinakhalepo n'komwe. Analowa unamwino chifukwa ndiko kunapezeka malo atalemba MSCE, ndipo makolo anali atauza kale mudzi wonse. Ameneyu achoke osachita manyazi. Ine sindigwirizana ndi omwe amamunena kuti wataya maitanidwe. Namwino wokhala m'wodi mokakamizika ndiye amene mayi woyembekezera amakamudandaula kunyumba, mpaka mimba yotsatira n'kuchedwa nayo kupita kuchipatala.

Za kunja nazo zifunsidwe funso lomweli. Ngati chovuta ndi malipiro ndi kusowa kwa magolovesi, ulendo wa ku Britain ungathandize. Ambiri anapita kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mpaka boma linawonjezera malipiro a azaumoyo ndi 52 peresenti mu 2005 pofuna kuwasunga. Koma ngati chomulemera ndi kuona imfa tsiku ndi tsiku, nakonso kumafa anthu, ndipo naiti ya kumeneko adzaigwira kutali ndi abale.

Mwambiwu ena amaupotoza. Bwana amene walephera kupeza anamwino okwanira amauza wotopa kuti "dekhani sisita, zikhala bwino," chaka ndi chaka. Kumeneko ndi kumutseka pakamwa, chifukwa wodikira maso a nkhono amakhala akuyang'anitsitsa, ndipo akawaona amadzuka. Kuchepa kwa antchito sikungathe ndi kakope. Imeneyo ndi nkhani yopita nayo ku NONM, bungwe la anamwino ndi azamba. Komanso ngati tulo tasiya kubwera ngakhale pa ofu, mowa wayamba kuchuluka, kapena maganizo odzipha akumubwerera, pamenepo palibe zodikira. Aonane msanga ndi namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma, kapena apite ku St John of God, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.

Amene wasankha kuchoka asafulumire kutaya chiphaso chake cha ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Ngati angathe azichilipira chaka ndi chaka, azisonkhanitsanso mapoyinti a CPD, chifukwa atakhala zaka ziwiri pamsika thupi litapuma, mtima ungathe kufuna kubwerera m'wodi.