Wophunzira Udokotala ndi Matenda a Khungu

Pakati pathu pali achinyamata amene akuphunzira udokotala, ndipo ena akulingalira zodzakhala akatswiri a matenda a khungu. Anzawo amawaseka kuti asankha ntchito yofewa, ya ziphuphu ndi mafuta odzola, yosadzutsa munthu usiku. Tiyeni tiiganizire pamodzi nkhaniyi.

Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira anthu ndi kupembedza Mulungu, ndipo m'buku la Kitáb-i-Aqdas analamula kuti tikadwala tizipita kwa madokotala odziwa bwino ntchito yawo. Choncho wophunzira akamasankha nthambi ya udokotala, akusankhanso mmene adzapembedzere moyo wake wonse.

Wodwala chiwindi amadwala mobisika, koma wodwala khungu amadwala pamaso pa mudzi wonse. Anthu amamuthawa, amaopa kumupatsa moni wa m'manja. Taganizirani za khate. Limachira ndi mankhwala akumwa a miyezi 6 kapena 12, ndipo kuyambira mu 1995 mankhwalawa amaperekedwa ulere kudzera m'bungwe la WHO. Komabe ena amafika kuchipatala zala zitawonongeka kale, chifukwa manyazi anawabisa, kapena palibe amene anazindikira chigamba chotuwa chosamva kukhudza chimene chinayamba pamkono. Abale athu achialubino nawo dzuwa limawayambitsa khansa ya pakhungu. Timabala tokhakhala timene timayamba kumaso ndi m'khosi tikaonedwa msanga, dokotala amatichotsa tisanasanduke khansa. Kodi imeneyi ndi ntchito yofewa?

Akatswiri otere ndi ochepa kwambiri mu Africa muno. Ndi chifukwa chake mu 1992 kunatsegulidwa Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania, kumene azachipatala ochokera m'mayiko osiyanasiyana amakaphunzira. Wofuna ntchitoyi adziwenso kuti zithunzi zambiri za m'mabuku ndi za khungu loyera. Kutupa kumene bukulo likuti n'kofiira, pakhungu lakuda kumaoneka kodera. Zimenezi munthu amaziphunzira atakhala pambali pa wodwala, n'kumuyang'ana mofatsa ndi kumugwira mopanda kunyansidwa.

Yesero lilipo, ndipo tisalibise. M'mizinda muli ndalama zambiri m'mafuta oyeretsa khungu, ena mwa iwo okhala ndi mankhwala amphamvu amene amapepetsa khungu, ena ndi mekyule yowononga impso. 'Abdu'l-Bahá anayerekezera mitundu ya anthu ndi maluwa a m'munda umodzi, amene kusiyana kwa maonekedwe ake n'kumene kumakongoletsa mundawo. Dokotala wokhulupirira zimenezi sangalemere pouza mtsikana kuti khungu limene Mulungu anamupatsa likufunika kukonzedwa. Kupeza zofunika pa moyo kudzera m'ntchito si kulakwa ayi. Chikhulupiriro chathu chimafuna kuti aliyense akhale ndi ntchito yodzithandizira.

Tisanapite ku ndime yotsatira, tikambirane: m'dera lathu lino, ndani amene asiya kubwera pagulu chifukwa cha khungu lawo, ndipo ndani wa ife angawaperekeze kuchipatala sabata ino?