Maina a Makolo: Mwini Wace Ndani?

Abale, taganizani mlandu uwu. Munthu wina ayenda kumanda nawerenga miyala, apempha mabuku akale a ubatizo ndi a maukwati, nakhala zaka zambiri alikundandika maina, kuti wofuna agogo ace awapeze msanga. Pambuyo pace mnzace atenga mndandandawo, nausindikiza monga wace. Kodi waba?

Malamulo a maiko sabvomerezana. Ku America, caka ca 1991, bwalo lalikuru linaweruza mlandu wa Feist Publications ndi Rural Telephone Service, wa buku la maina a eni telefoni ku Kansas. M'buku la Feist munapezeka maina 1,309 ofanana ndi a m'buku la Rural, ndipo anai mwa iwo anali opeka, oikidwamo dala monga msampha. Koma oweruza anati palibe mlandu, pakuti coona ciribe mwini, ndipo thukuta lokha silipatsa munthu umwini. Lamulo lichinjiriza masankhidwe ndi makonzedwe oturuka m'nzeru za wolemba. Koma kundandika maina kuyambira A kufikira Z si nzeru yatsopano ai. Ciweruzo ici cikhudzanso mindandanda ya mibadwo. Koma ku Ulaya, caka ca 1996, maiko a European Union anapangana kuti wotaya cuma ndi mphamvu zambiri posonkhanitsa mndandanda achinjirizidwe zaka 15.

Ife tiyesa kuti onse awiri aona mbali ina ya coonadi. Tsiku lobadwa la agogo athu silingasanduke cuma ca munthu mmodzi, kuti adzukulu alipire polichula. Madzi a pansi alibe mwini. Komatu citsime cinakumbidwa ndi munthu.

Cifukwa cace titi: tungani, koma chulani wokumbayo, ngakhale lamulo silikukakamizani. Coyamba, kukolola ulemu pa nchito ya wina ndiko kunama. Caciwiri, wondandika maina aphonyanso, pakuti zolemba zakale zifufutika. Tikabisa kumene tinatenga, cophonya cimodzi cilowa m'mabuku khumi. Wowerenga ayesa kuti mboni ziri khumi, pamene mboni ndi imodzi, ndipo banja lilandira kholo losakhala lao. Koma tikachula gwero, wobwera m'mbuyo akhoza kubwerera ku buku loyamba, nakonza.

Tsono iwe wosonkhanitsa, usatseke citsime. Ndi iwe wotunga, usafafanize dzina la mnzako.