MNYAMATA WOPANDA LUPANGA

Mwezi uno titsegule buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 23. Pamenepo tipeza Paulo ali m'linga la asilikari ku Yerusalemu, ndipo amuna oposa 40 analumbira kuti sadzadya kapena kumwa kufikira atamupha. Amene anaulula ciwembuco sanali mfumu kapena wansembe ai. Anali mnyamata, mwana wa mlongo wace wa Paulo, amene ngakhale dzina lace silinalembedwa. Iye anamva, nakauza Paulo. Paulo namtumiza kwa kapitao wamkuru. Ndipo usiku womwewo asilikari anaturuka naye Paulo kunka ku Kaisareya. Mnyamatayo analibe lupanga, analibe mphamvu ya kuweruza mlandu. Anali ndi mau oona okha, ndipo anafika nao nthawi isanathe.

Acinyamata otere alipo ndi lero lomwe, ndipo tifuna kukuuzani za ena a ku Germany, dziko la ku Ulaya. M'mudzi wa Giessen muli sukulu yaikuru, yunivesite, ndipo muli malo olandirirako anthu othawa kwao. M'caka ca 2007 sukuluyo inayamba kukonzekeretsa ophunzira malamulo kuti azithandiza alendowo kwaulere. M'caka ca 2008 linakhazikika lamulo lolola munthu amene sali loya kulangiza anzace za malamulo kopanda malipiro, pokhapo ayang'aniridwe ndi wina wotsiriza maphunziro a malamulo. Ndipo m'caka ca 2015, pamene anthu ngati 890,000 analowa m'dzikomo kupempha pobisala, ambiri ocokera ku Syria, Afghanistan ndi Iraq, nchito iyi inafalikira ku masukulu ena ambiri.

Nanga ophunzirawa apatsa mlendo ciani? Si ufa, si copfunda ai. Mlendo wopempha kukhala m'dziko aitanidwa kwa akuru a boma kuti afotokoze cimene anathawira, ndipo moyo wace ulendewera pa mau a tsiku limenelo. Ophunzira amkhalitsa pansi tsikulo lisanafike, namuuza kuti anene zonse mwa dongosolo, malo ndi masiku, osabisa kanthu cifukwa ca manyazi, osaonjeza bodza. Amuuza kuti ayenera kupatsidwa womasulira, ndi kuti zolembedwazo zimasuliridwe m'cinenero cace asanalembepo dzina. M'zaka zimene tanenazo, munthu akakanidwa anali ndi masabata awiri okha a kukadandaula ku bwalo la milandu, ndipo pa milandu yina sabata limodzi. Taganizani, abale: munthu wapulumuka nkhondo, waoloka nyanja, ndipo kalata wosawerengedwa agona m'thumba mwace kufikira masiku atha, khomo nkutsekeka.

Akuru athu ati, safunsa anadya phula. Koma mlendo adzafunsa yani, pamene sadziwa cinenero, ndipo alibe nkhoswe pa bwalo? M'buku la Levitiko, Mulungu analamula Aisrayeli kuti mlendo ndi mbadwa aweruzidwe ndi lamulo limodzi. Koma lamulo lokoma limene munthu salidziwa lifanana ndi citsime cobisika m'thengo: madzi alipo, koma wapaulendo afa ndi ludzu pambali pace. Wolozera njira ya ku citsime sanakumbe ndiye, koma wapulumutsa moyo.

Tione bwino makhalidwe a ophunzira aja. Sanadikire kuti akhale akuru ndi olemera. Anapereka cimene anali naco akali pa sukulu. Koma sanathamange ndi mau ongoganizira. Ayamba aphunzira malamulo a othawa kwao, ndipo mlandu ukawakulira aperekeza mlendo kwa loya. Momwemonso mwana wa mlongo wa Paulo sanasonkhanitse anzace kuti amenyane ndi aciwembu. Anapita nao mau kwa iye amene anali ndi mphamvu. Cangu copanda cidziwitso cipha, pakuti uphungu wolakwa ugwetsa mlendo m'dzenje lakuya koposa.

Ife a ku Malawi alendo otere tiwadziwa. Nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa m'dziko muno anthu oposa 1,000,000, ndipo kuyambira 1994 ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kukhala othawa ocokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ambiri a ife sitinaphunzire malamulo, koma tidziwa kuwerenga, ndipo kuwerengako tinalandira ngati talente yoti tidzayankhepo. Mlendo akadza kwa inu ndi kalata wa boma, muwerengereni bwino lomwe, mumuonetse tsiku lolembedwamo. Cimene simucidziwa musacipeke. Mperekezeni kwa mfumu, kapena ku ofesi yoyenera. Musamdyere masuku pamutu cifukwa ca kusadziwa kwace, pakuti wolandira ndalama pa misozi ya mlendo adzaonana ndi Mwini alendo. Ndipo inu makolo amene ana anu afika ku masukulu akuru, muwauze kuti nzeru siipatsidwa kuti ingodzaza nkhokwe ya mwini wace.

Ambuye wathu yemwe anali mwana wothawira ku Aigupto, pothawa lupanga la Herode. Iye atipatse makutu akumva, lilime loona, ndi mapazi ofulumira, kuti mlendo wa pakhomo pathu asataike cifukwa ca mau amene ife tinali nao. Amen.