Khutba ya Ijuma: Thupi ndi Amana, Tisamale ndi Sitiroko

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini moyo ndi machiritso. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, muopeni Allah, ndipo dziwani kuti thupi limene mwalowa nalo mumzikiti muno ndi amana. Tsiku lachiweruzo tidzafunsidwa momwe tidalisungira.

Lero tikumbutsane za sitiroko, nthenda yakufa ziwalo. Imadza pamene mtsempha wopititsa magazi ku ubongo watsekeka kapena waphulika. Mbale amene dzulo anali nafe pamzere wa swala, lero pakamwa papotoka, mkono walefuka, mawu sakumveka. Ambiri timathamangira kunena kuti walodzedwa, nkupita naye kwa woombeza. Kutero nkutaya nthawi ya wodwala, ndiponso nkudzigwetsa mu shirk.

Allah adapatsa anthu nzeru zofufuzira. Kafukufuku wa INTERSTROKE, amene adachitika m'maiko 32 kuphatikizapo Mozambique, adaonetsa mu 2016 kuti pafupifupi masitiroko 9 mwa 10 amayenderana ndi zinthu 10 zimene munthu angathe kuzisintha. Chachikulu mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kumawononga mitsempha mwakachetechete, munthu osamva kupweteka. Zina ndi fodya, mowa, shuga, kunenepa kwambiri ndi kungokhala.

Choncho kayezetseni magazi kuchipatala ngakhale mukudzimva bwino. Amene adapatsidwa mankhwala asawasiye, ndipo Ramadhan ikayandikira afunse adokotala nthawi yomwera. Chepetsani mchere mundiwo: bungwe la WHO limalangiza kuti usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi.

Mukaona zizindikiro zija, musadikire kuti kuche. Mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa m'maola anayi ndi theka oyamba, ndipo ndi madokotala okha angadziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, kuyadzamira kwa Allah sikutsutsana ndi kufuna mankhwala. Mtumiki mwini adalamula kuti odwala afune chithandizo. Amene ziwalo zidafa kale tisawaiwale m'nyumba. Tiwayendere, tiwathandize kuphunziranso kuyenda, tiwakumbutse kuti swala yawo imalandiridwa ali chikhalire kapena chigonere.

Ambuye Allah, chiritsani odwala athu, limbitsani owasamalira, ndipo tikhululukireni tonse. Ameen.