Nambala Imene Ndinalemba pa Silinda

Ndinakulira ku Chawama, ndipo madzi akuya amene ndinali kuwadziwa ndili mwana anali a m'maenje ofukulamo miyala, aja amene amayi anali kutiletsa kuyandikako. Conco mukaona kuti ndikukamba za kulowa pansi pa nyanja ndi silinda kumsana, musafulumire kutseka foni. Nkhaniyi inacitikira ku Sodwana Bay, ku KwaZulu-Natal, kumene ndinapeza nchito yonyamula masilinda ndi kutsuka zovala za alendo pa kasukulu kena ka scuba. Patapita zaka ziwiri anandilola kuphunzira nawo, ndipo kosi imene yandisiyira funso mpaka lelo ndi ya nitrox.

Mpweya umene mukupuma pano uli ndi okosijeni 21 peresenti, wotsalawo pafupifupi wonse ndi naitirojeni. Ukatsika m'nyanja, madzi amakupanikiza. Mamita 10 alionse amaonjeza bar imodzi, pamwamba pa bar imodzi ya mpweya wa m'mlengalenga imene tonse tinaisenza kale tili pamtunda. Kupanikizako kumalowetsa naitirojeni yambiri m'thupi, ndipo ukakhalitsa pansi n'kukwera msanga, imatuluka ngati thovu la m'botolo la Fanta limene walikhuchumula. Nitrox ndi mpweya umene aonjezamo okosijeni, kawiri-kawiri mpaka 32 kapena 36 peresenti, kuti naitirojeni icepe ndipo ukhaleko nthawi yaitali pansi. Koma uli ndi mtengo wake. Okosijeni ikapanikizika kwambiri imasanduka poizoni: munthu amagwa ngati wakhunyu, copumira cimapulumuka pakamwa, madzi n'kulowa. Wasayansi wa ku France, Paul Bert, analemba za poizoniyu mu 1878. N'cifukwa cake silinda iliyonse ya nitrox ili ndi malire ake a kuya, ndipo mwini wake ayenera kuwadziwa asanakwere boti.

Malirewo amapezeka m'njira ziwiri. Ungayang'ane pa tebulo, kakhadi ka pulasitiki: upeza peresenti yako, pambali pake pali mamita. Kapena ungawerengere wekha ndi fomyula. Masukulu ambiri amati okosijeni isapitirire 1.4 bar. Ngati silinda yako ili ndi 32 peresenti, ugawa 1.4 ndi 0.32, upeza 4.375. Ucotsapo 1, bar ija ya pamtunda, ndiyeno uculukitsa ndi 10. Yankho ndi mamita 33 ndi kakang'ono, ndipo kakang'onoko umakataya.

M'kalasi tinalimo asanu. Anayi anali alendo obwera ndi magalimoto ao kucokera ku Johannesburg, wacisanu ndine. Aphunzitsi athu analemba fomyula pa bolodi, anaifotokoza bwino, kenako anacewukira kwa ine n'kunena mwaulemu ndithu kuti, "Iwe usavutike ndi izi, ungogwiritsa nchito tebulo." Mtima unandiwawa. Masamu ndinakhoza pa Giredi 12, ndipo sanandifunse n'komwe. Anangoona munthu wonyamula masilinda. Usiku umenewo ndinaloweza fomyula mwaukali, ndipo kakhadi kaja ndinakaponya pansi pa cikwama. Ndinati tebulo ndi la anthu amene ena awaganizira kale kuti sangathe kuganiza.

Lamulo la nitrox n'lakuti mwini silinda aipime yekha ndi kamakina koyezera okosijeni, alembe pa sitika peresenti ndi malire a kuya, kenako asaine m'buku. Tsiku lina madzulo, nditanyamula masilinda kuyambira m'mawa, ndinapima yanga. Inaonetsa 32. Ndinatulutsa foni, ndinagawa, ndinaculukitsa, n'kulemba pa sitika 43. Ndinaiwala kucotsa 1. M'mawa mwake tinali kupita ku malo akuya, ndipo malinga ndi sitika yanga ndinali ndi ufulu wotsika mpaka mamita 43, kumene okosijeni ya m'silindamo ikanafika pafupifupi 1.7 bar, kupitirira ngakhale 1.6 imene amati usaidumphe zivute zitani.

Amene anandigwira anali mdala wina wa ku Nkhata Bay amene anali kudzaza masilinda pamalopo kwa zaka zambiri. Anali kudutsa cabe, anaima, n'kuloza sitika ndi cala.

"Mphwanga, 32 siyenda ndi 43."

"Ndawerengera, akulu," ndinatero.

"Werengeranso. Ine masamu ako sindiwadziwa, koma 32 mnzake ndi 33."

Fomyula sanali kuidziwa, zoona. Tebulo anali kulidziwa monga mmene umadziwira nkhope ya mwana wako, ndipo nambala yolakwika inamuonekera ngati mlendo pakhomo. Ndinang'amba sitika manja akunjenjemera.

Kwa milungu ingapo ndinakhulupirira kuti aphunzitsi aja anali ndi nzeru ndipo ine ndinali wonyada cabe. Tebulo, mukaliganizira bwino, ndi fomyula yomweyo imene munthu wina anaiwerengera ali wokhuta, wopumula, atakhala pa desiki, n'kuibwereza kangapo. Matebulo oyamba a kakweredwe kocoka pansi pa madzi anatuluka mu 1908, nchito ya John Scott Haldane ndi anzake ku Britain, atayesa pa mbuzi zambiri m'cipinda copanikiza mpweya. Ukatsata tebulo, ukubwereka mutu wa anthu amene sanali otopa monga iwe. Palibe camanyazi pamenepo. Mlongo wanga amagwira nchito m'kabuthi ka mobile money, ndipo chati ca mitengo cili pakhoma pake. Sacita kuwerengera kasitomala aliyense, ndipo atayesa, pofika madzulo ndalama zikanasowa.

Kenako kunabwera silinda ya 34. Podzaza nitrox sizituluka ndendende nthawi zonse, ndipo tsiku limenelo silinda ya mtsikana wina amene tinali naye pa boti inaonetsa 34 peresenti. Kakhadi kamene tinali nako kanali ndi mizere iwiri cabe, wa 32 ndi wa 36. Anayang'ana, n'kusankha 32, cifukwa ndi umene anauzolowera, ndipo analemba 33. Malire enieni a 34 ndi mamita 31. Kusiyana kwa mamita awiri sikukanamupha mwina, koma cimene cinandidzidzimutsa n'cakuti sanadziwe kuti wasankha mbali yolakwika. Pofuna malire a kuya, 34 uyenera kuitenga ngati 36, cifukwa coopsa ndi okosijeni yoculuka. Pofuna nthawi imene ungakhale pansi, 34 yomweyo uyenera kuitenga ngati 32, cifukwa coopsa pamenepo ndi naitirojeni. Nambala imodzi, uikweze pa funso ili, uitsitse pa funso linalo. Amene amadziwa cifukwa cake saiwala zimenezi. Amene analoweza mizere cabe amangopenekera, ndipo amapenekera ali wodekha, poganiza kuti akutsata lamulo.

Apa m'pamene ndinaona kuti ndinali kufunsa funso molakwika, ngati kuti ndi mpira wa tebulo ndi fomyula. Mdala uja anandipulumutsa cifukwa nambala yanga inali mkati mwa zimene tebulo limadziwa. Mtsikana uja anasocera cifukwa nambala yake inagwera pakati pa mizere, pamene tebulo limangokhala cete. Ndipo tebulo silicenjeza munthu likafika pamene lathera. Caka cotsatira ndinapita kukalowa m'nyanja ya Tanganyika, ca ku Nsumbu. Nyanja imeneyo ili pamtunda wopitirira mamita 700 kucokera pamene pali nyanja ya mcere, pamene matebulo wamba a nthawi anapangidwira malo osapitirira mamita 300. Kumeneko mpweya wa m'mlengalenga ndi wopepukako, conco naitirojeni imatuluka m'thupi mwamphamvu ukafika pamwamba. Kakhadi kako kamaoneka cimodzi-modzi monga kanali ku Sodwana, manambala ake osasintha, koma kakukamba za malo ena.

Masiku ano ambiri amavala kompyuta ya pamkono imene imawerengera zonse, ndipo masukulu ena amaphunzitsa nitrox ndi kompyuta yokha. Ndi cida cabwino, inenso ndili nayo. Koma peresenti umailowetsa wekha ndi cala. Ukaiwala kusintha, n'kuiuza 21 pamene m'silinda muli 36, idzakulola kutsika kupitirira mamita 50 osalira n'komwe, pamene malire ako ndi 28.

Cimene sindinagwirizane naco mpaka pano ndi mau aja a m'kalasi. Ndikhulupirira kuti aphunzitsi anali kufuna kunditeteza, ndipo zocitika zinaonetsa kuti mantha ao sanali acabe. Koma m'buku lija ndimasaina ndine. Siginecha imatanthauza kuti ndapima, ndamvetsa, ndipo cikacitika cinacake mlandu ndi wanga. Kupatsa munthu colembera kuti asaine, uku wamubisira cifukwa ca nambala imene akusainira, ndi kumusenzetsa mlandu wa cinthu cimene unamuletsa kucidziwa. Akanandiuza kuti, "Phunzira fomyula kuti udziwe kumene manambala acokera, koma ukatopa usadzikhulupirire, yang'ana pa tebulo," ndikanamva kuti andilemekeza ndiponso anditeteza. Akanauzanso alendo anayi aja cimodzi-modzi, cifukwa injiniya nayenso amaiwala kucotsa 1 ali ndi mseru pa boti. M'malo mwake anatigawa pawiri poyang'ana nkhope, ena cifukwa, ena yankho. Ku sukulu za m'komboni tinazolowera kugawidwa motero, kuloweza mayankho a mapepala akale kuti tikhoze mayeso, ndipo ambiri a ife tinafika pokhulupirira kuti "cifukwa ciani" ndi funso la ana a ku Kabulonga.

Mdala uja ndinamufunsa tsiku lina ngati angakonde kuti ndimuonetse fomyula. Anaseka, n'kunena kuti wakalamba. Patapita masiku atatu anabwera ndi katoni yong'ambika ndi pensulo, tinakhala pa benchi kuseri kwa kompresa. Anagawa 1.4 ndi 0.36 pamanja, pang'ono-pang'ono, anacotsa 1, anaculukitsa. Atapeza 28 ndi kakang'ono anakhala cete kanthawi, akuyang'ana nambala imene anali kuilemba pa masitika zaka zonsezo. Kenako anatulutsa kakhadi m'thumba la ovolosi kuti atsimikize.