Dzina Lochotsedwa pa Galimoto

Mnyamata wina wa kuno ku Wenya, amene agwira ntchito ku Mzuzu, anadza ndi galimoto yatsopano ya Toyota, yochokera ku Japan, yodzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Asananyamuke anathira madzi otentha pa zilembo zonyezimira za kumbuyo, zija zinena mtundu wa galimoto, nazidula ndi chingwe cha mbedza. Pomfunsa ine chifukwa chake, anati: "Bambo, abale akawerenga dzinalo adziwa mtengo wake, ndipo sadzaleka kupempha."

Tsono ulimbo unatsalira. Fumbi la mseu wa ku Chitipa linamatirira pomwepo, ndipo pofika iye pamudzi ana a sukulu anawerenga dzina lonse, lolembedwa ndi dothi. Ngakhale akadapala bwino, nambala yosindikizidwa pa chitsulo cha m'kati ikadakhalabe, imene a MRA anailemba kale pokhometsa msonkho.

Sindimtsutsa chifukwa cha galimoto ai. Njake, anaipeza ndi thukuta. Chondiwawa nchakuti anabisira ndi amake omwe, amene anagulitsa nyemba ndi mbuzi kuti iye aphunzire. Ndipo ndinaona kuti medulo ija ankavala m'khosi anaivulanso.

Eklezia atiphunzitsa kuti Ubatizo usindikiza pa mzimu chizindikiro chosafafanizika. Nchifukwa chake sitibatiza munthu kawiri. Mnyamatayo akali wa Ambuye Yezu, angakhale abise. Inu akatekisti, musamchititse manyazi pa anthu. Kamchezereni madzulo asanabwerere ku Mzuzu, amake ali pomwepo.